Ana akamayankha "Eee" onse pamodzi

Mayi wina amene amaphunzitsa sitandade 7 pa sukulu ina kufupi ndi nyanja ya Malombe wandilembera imelo. Akuti: "M'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Ndikafunsa kuti mwamva, onse amayankha 'Eee', koma ndikangosintha pang'ono funso la m'buku, palibe wokweza dzanja. Ndingawaphunzitse bwanji kuganiza mozama pomwe chaka chamawa akulemba mayeso a sitandade 8 a PSLCE ndipo makolo akufuna kuti ana aziloweza notsi?"

Mayi, "Eee" ameneyo si ulesi, komanso si umbuli. Mwana wa kuno amaleredwa kuti asatsutsane ndi wamkulu, ndipo akakhala chete pamaso panu amaona kuti akukupatsani ulemu. Kuwonjezera apo, ana ambiri a m'boma lino la Mangochi amalankhula Chiyao kunyumba, Chichewa amachizolowera kusukulu, kenaka m'makalasi apamwamba amafunsidwa kuti afotokoze maganizo awo m'Chingerezi. Mwana wotere amathawira ku kuloweza chifukwa ndi kokhako kumene sangasekedwe.

Chimene ine ndinachiona chikugwira ntchito pa zaka zomwe ndinagwira choko ndi funso lalifupi: "Wadziwa bwanji?" Mulifunse pa yankho lolondola ndi pa lolakwika lomwe, chifukwa mukamalifunsa pa lolakwika lokha, ana adzalimva ngati chilango.

Yambirani pa nkhani imene ana amaidziwa kuposa inu. Kwanuko nkhani imeneyo ndi chambo. Afunseni chifukwa chimene chambo chinachepera mu Malombe, ndipo mulole kuti akambirane m'magulu pansi pa mtengo m'chilankhulo chilichonse chimene akuganizira. Wina adzati asodzi achuluka, wina adzatchula khoka la nkacha, wina adzanena za maneti a udzudzu amene amakokola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo sadzalephera wina wonena kuti nyanjayo inalodzedwa. Mayankho onsewo alembeni pa bolodi, ngakhale lomalizalo, osafufuta kapena kuseka, kenaka mufunse kuti pa lililonse pali umboni wanji umene munthu angauone ndi maso kapena kuufunsa kwa msodzi wachikulire. Ndimakumbukira mtsikana wina amene anatha teremu yonse osalankhula m'kalasi mwanga. Tsiku la nkhani imeneyi anaimirira, nafotokoza m'Chiyao, mnzake akumasulira, kuti chambo chachimuna chimakumba chisa pa mchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndiye khoka lokwekwereza pansi limaphwasula zisa ndi kugwira mayi pamodzi ndi ana ake. Ananena zoona zenizeni za sayansi. Nditafunsa kalasi kuti nanga boma limatsekeranji nyanja nyengo yoswana nsomba, manja anakwera ambiri, ndipo yankho analipeza okha, ine osalemba notsi iliyonse. Chingerezi chinabwera pambuyo pake, pamene gulu lililonse linalemba ziganizo zitatu za zimene linagwirizana.

Mbiri ya tawuni yathu nayonso imathandiza. Mabuku amati Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, inakhazikitsidwa mu 1891 pofuna kuthetsa malonda a ukapolo, ndipo inatchedwa dzina la Harry Johnston, Mngerezi amene ankatsogolera boma la atsamunda. Ukapolowo unalipo ndithu, ndipo ana ayenera kudziwa kuipa kwake. Komabe afunseni kuti analemba mbiriyo ndani, anthu a kwa Mponda kapena kwa Makanjira akanaifotokoza motani, nanga Angerezi ankafunanso chiyani pomanga linga pafupi ndi pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja ya Malawi. Mwana amene wazolowera kufunsa chonchi sadzafulumira kukhulupirira uthenga wa pa WhatsApp, ndipo tonse tikukumbukira mphekesera zimene zinkayenda nthawi ya kolera mu 2022 ndi 2023, pomwe boma lathu linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri.

Za mayeso musade nazo nkhawa kwambiri. Kuloweza kuli ndi malo ake, monga pa kuchulukitsa manambala ndi pa kalembedwe ka mawu, ndipo sindikukuuzani kuti musiye silabasi. Patulani mphindi 10 zokha pa phunziro limodzi tsiku lililonse. Funso la MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, likabwera m'mawu ena osiyana ndi a m'kope, amene amapulumuka ndi mwana womvetsa chifukwa chake.

Chovuta chenicheni chili kwa ife aphunzitsi. Tsiku lina mwana adzakufunsani kuti, "Madamu, inuyo mwadziwa bwanji?" ndipo kalasi yonse idzayang'ana nkhope yanu. Mukadzakwiya, ntchito yonse yathera pomwepo. Ngati yankho mulibe, nenani poyera kuti mukafufuza, ndipo mawa lake mubwere nalo.

Ndikupempheninso kuti mukambirane ndi ahedi komanso komiti ya makolo musanayambe, chifukwa funsoli ana adzapita nalo kunyumba, ndipo bambo amene wafunsidwa ndi mwana wake kuti wadziwa bwanji akhoza kuyesa kuti kusukulu mukuphunzitsa mwano. Aphunzitseni anawo kufunsa mwaulemu, monga "Agogo, tandiuzeni mmene munadziwira", ndipo homuweki yoyamba ikhale yokafunsa agogo awo mmene nsomba zinkapezekera mu Malombe iwo ali achinyamata.