Ku Sauti za Busara, ndikagone kugombe kapena mumzinda?

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ndine mtsikana wa zaka 27, ndipo chaka chonse chathachi ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndikaonere chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar. Tchuthi changa ndi cha masiku 7 basi. Mnzanga akuti ndikagone kugombe la Nungwi, ndizikwera takisi madzulo aliwonse kupita kunyimboko, kuti ndikadyerere ziwiri zonse. Kodi nzeru imeneyi ndi yabwino? Ndikupita ndekha, ndipo ndamva kuti kumeneko savala mwachisawawa. Ndithandizeni.

Wokonda Ng'oma

YANKHO: Mwana wanga, mnzanuyo amakufunirani zabwino, koma pa izi zokha musamumvere. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndikunena chonchi chifukwa ine ndinachita ndendende zimene akukuuzanizo.

Kuchokera ku Nungwi kufika ku Stone Town, kumene kumachitikira chikondwererocho, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Pagalimoto ndi ola ndi theka, kupita kokha. Ulendo wanga woyamba ndinagona ku Nungwi komweko, kumpoto kwa chilumbachi. Usiku womaliza, gulu limene ndinaliyendera ulendo wonsewo likungoyamba kukonza zida, woyendetsa takisi anandiimbira foni kuti iye watopa, akunyamuka. Ndinatuluka ndikukankhana ndi anthu amene ankalowa. Ng'oma yoyamba ndinaimvera panja, chitseko cha galimoto chikutsekedwa. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye masiku anuwo agaweni. Anayi oyamba mugone mu Stone Town momwemo, pamalo oti mukhoza kubwerera wapansi. Atatu otsalawo ndiye mupite kugombe, mtima uli m'malo. Chipinda musungitse miyezi ingapo isanakwane nthawi, chifukwa sabata imeneyo mzinda umadzaza.

Chikondwererochi chinayamba mu 2004 ndipo chimachitika nyengo yotentha, kawirikawiri mu February. Dzina lakelo ndi la Chiswahili, kutanthauza mawu anzeru. Kwa zaka zambiri kwawo kunali mu Ngome Kongwe, linga lamiyala limene Aluya a ku Oman anamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 atathamangitsa Apwitikizi. Chimene ndimachikondera ine n'choti oimba onse amaimba ndi zida pamaso panu. Mumaona chala chikukhudza nsambo, thukuta likudontha pachikopa cha ng'oma. Ndipo musamangodikira magulu ovinitsa okha. Kukabwera a taarab, nyimbo za eni chilumbacho, khalani pansi mumvetsere. Oimba amakhala pamipando, mavayolini ndi zeze wa nsambo zambiri wotchedwa qanun zikulira mosathamanga, ndipo munthu mawu a nyimbo akamugwira mtima amanyamuka n'kukapereka ndalama kwa woimbayo. Malemu Bi Kidude, gogo amene ankaimba ng'oma atayimangirira m'chiuno, ankaonekera pabwalo limeneli mpaka atakalamba zedi. Anatisiya mu 2013.

Masiku enieni muwaone patsamba la okonza chikondwererocho musanagule tikiti ya ulendo. Masikuwo akhoza kusintha chifukwa mwezi wa Ramadan umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo zaka zino ukugwera pafupi ndi February.

Za kavalidwe mwamva zoona. Anthu a ku Zanzibar pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo Stone Town si malo ongosangalalira alendo. M'tinjira topapatizato muli makomo a anthu, mizikiti, ana akupita ku madrasa. Phimbani mapewa ndi mawondo, zovala zosambira zikhale za kugombe kokha. Mukagule kanga, nsalu yonga chitenje, ku msika wa Darajani, izikhala m'chikwama. Imatchinga dzuwa masana, usiku n'kuyalapo pokhala. Musajambule munthu musanamupemphe. Ndinaonapo mayi wina akubisa nkhope ndi mpango alendo atamuzungulira ndi makamera pakhomo pake pomwe, ndipo ndinamva manyazi ngati ndachita ndine.

Masana kukutentha, nyimbo zisanayambe, pitani ku Mkunazini. Pamene pali tchalitchi cha Anglican lero panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo ankachokera m'madera ozungulira Nyanja ya Malawi. Mukatsika m'tizipinda tapansi, denga limakukakamizani kuwerama, mpweya ndi wochepa. Musapite mothamanga. Ine ndinatuluka osatha kulankhula, ndipo usiku umenewo ng'oma ndinazimva mwamtundu wina.

Tsopano gombe. Apa alendo ambiri amakhumudwa chifukwa palibe anawauza kuti nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku. Kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje ndi ku Jambiani, madzi akaphwa amathawira kutali kwambiri, n'kusiya mchenga woyera ndi tizithaphwi. Wofuna kusambira amadikira maola. Ku Nungwi ndi ku Kendwa gombe ndi lotsetsereka, mumasambira nthawi ina iliyonse, koma anthu ndi ambiri ndipo phokoso silitha. Mukandifunsa ine, mutatha mausiku atatu kapena anayi a zokuzira mawu, sankhani Jambiani. M'mamawa madzi akaphwa mudzaona amayi atakhala m'madzi ofika m'chiuno, akumangirira ndere za m'nyanja, zimene iwo amati mwani, pazingwe zokokedwa pakati pa zikhomo. Ndi munda wawo umenewo, amakolola n'kuyanika n'kugulitsa, choncho muzilambalala. Muvalenso nsapato zolowa nazo m'madzi, chifukwa m'miyala mumabisala tizilombo takuda taminga, ndipo minga yake imathyokera m'phazi.

Zapaulendo n'zosavuta. Boti lochokera ku Dar es Salaam limatenga maola awiri. Ngati mumachita chizungulire khalani chakumbuyo, maso ali kutali. Pasipoti ikhale pafupi chifukwa padoko la Zanzibar amaionanso. Kuyambira mu October 2024 boma la Zanzibar linalamula kuti alendo azigula inshuwalansi yake, imene panthawiyo inali madola 44 munthu wamkulu, ndiye muiwerengere. Mukhale ndi mashilingi a ku Tanzania m'thumba, makamaka popita kugombe kumene makina otapira ndalama ndi osowa.

Kupita nokha kusakuopseni. Usiku yendani m'njira zimene muli anthu, foni ili m'chikwama, ndipo anyamata okuitanirani maulendo a boti muziwayankha kuti "hapana, asante" n'kupitiriza. Njira yobwerera kumene mukugona muiyende kawiri dzuwa likadalipo, chifukwa tinjira ta Stone Town timafanana tonse kukada. Njala ikakupezani, ku Forodhani, pafupi ndi lingalo, amayatsa mbaula dzuwa likangolowa. Funsani mtengo musanaloze chakudya, ndipo muyambe ndi urojo, msuzi wowawasira wa mbatatesi umene eni ake amaima pamzere kuugula.

Azakhali