Kodi Tamiflu anafooka chifukwa chomumwa mwachisawawa?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anawerenga kuti nthawi ina mankhwala a Tamiflu anasiya kugwira ntchito pa fuluwenza, ndiye akufunsa kuti: "Kodi n'chifukwa choti anthu ankangomwa mwachisawawa, ngati mmene zimakhalira ndi maantibayotiki?"

Mayi, maganizo anuwo ali ndi mutu, koma nkhani ya Tamiflu inayenda njira ina. Kuti timvane, tiyambe taona zimene zili kunja kwa kachilomboka.

Kachilombo ka fuluwenza kali ndi timinga ta mitundu iwiri, tonse mapuloteni. Wina ndi hemagglutinin, mwachidule HA, winayo ndi neuraminidase, kapena NA. Zilembo H ndi N zimene mumaona m'dzina ngati H1N1 zimachokera pamenepa. HA ali ngati ulimbo: amakakamira pa kashuga kotchedwa sialic acid kamene kali pamwamba pa maselo a m'mphuno ndi pakhosi, kuti kachilombo kalowe. NA ndi lumo, ndipo amadula kashuga komweko.

Mwina mukudabwa kuti chinthu chimodzi chinyamuliranji ulimbo ndi lumo. Tizilombo tatsopano tikamatuluka muselo, ulimbo uja umatimata pakhomo pomwepo, ndipo popanda lumo timangounjikana osapita kwina. Mamina nawonso ndi odzaza ndi sialic acid, moti ndi msampha weniweni, ndipo lumo ndi limene limalambula njira. Ulimbo ukakhala wamphamvu lumo lili lobuntha, kachilombo kamakodwa. Lumo likathwa mopitirira, kamadula ndi pamene kakanagwira pomwe. Awiriwa ayenera kulingana mphamvu.

Tamiflu, yemwe dzina lake lenileni ndi oseltamivir, anavomerezedwa mu 1999, ndipo ntchito yake ndi kutseka pamene lumo limadulira. Kachilombo kali ndi njira ziwiri zozembera. Kangathe kufewetsa ulimbo kuti kasadalire kwambiri lumo, ndipo izi zinaonekadi m'malabotale poyesa mankhwala ena otchedwa zanamivir. Kangathenso kusintha lumo lenilenilo. Kusintha kodziwika kwambiri ndi H275Y: kachidutswa kamodzi kokha ka NA kamalowedwa m'malo ndi kena, basi mankhwala sakhalanso bwino pamalo pake.

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Kumachepetsa NA amene amafika kunja kwa kachilombo, choncho kulingana kuja kumasokonekera. Kwa zaka zingapo akatswiri ankaona ngati kachilombo kotere ndi kopunduka, sikangafale. Ine pamenepa sindiwaimba mlandu, chifukwa umboni wa nthawiyo unkaloza komweko.

Kenaka m'nyengo yozizira ya 2007 mpaka 2008, H1N1 wosamva Tamiflu anabuka ku Ulaya, ndipo anachuluka kwambiri ku Norway, dziko limene anthu sankamwa mankhwalawa kawirikawiri. Pomafika nyengo yotsatira, pafupifupi H1N1 yense wa chaka ndi chaka padziko lapansi anali wosamva. Apa ndi pamene yankho la funso lanu lagona. Mu 2010, katswiri wa sayansi Jesse Bloom ndi anzake anasonyeza kuti kusintha kwina kuwiri, R222Q ndi V234M, kunali kutachitika kale mu NA, ndipo kunkachulukitsa NA wofika kunja. H275Y pobwera anapeza dzenje lake litakwiriridwa kale. Kachilombo kanafala chifukwa kanali kamphamvu pakokha, mankhwala akhalepo kapena asakhalepo.

Chimene chinapulumutsa Tamiflu si nzeru za munthu ayi. Mliri wa 2009 unabweretsa H1N1 watsopano amene ankamva mankhwalawa, ndipo anathamangitsa wakale uja. Zanamivir uja ankagwirabe ntchito nthawi yonseyi, chifukwa amakhala palumo mosiyana pang'ono. Mankhwala ena otchedwa amantadine, amene amatseka puloteni ina yotchedwa M2, analibe mwayi woterewu: kusintha kwa S31N, kumene kumachititsa kachilombo kusamva mankhwalawa, sikufooketsa kachilombo kwenikweni, ndipo mpaka pano salangizidwanso pa fuluwenza.

Musamve ngati ndikunena kuti kamwedwe kalibe kanthu. H275Y amabukadi mwa odwala amene akumwa oseltamivir, makamaka amene chitetezo cha m'thupi chili chofooka ndipo kachilombo kamakhalitsa mwa iwo. Nthawi zambiri kamathera mwa munthu yemweyo. Chimene malabotale ogwira ntchito ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amatchera khutu ndi kupezeka kwake mwa anthu amene sanamwepo mankhwalawa, ngati mmene zinachitikira ku Newcastle, ku Australia, mu 2011.