Mayi anu asabwerere kumudzi asanaponde madzi a Lake Michigan

Imelo yanu ndinaiwerenga Lachinayi usiku ndili m'galimoto, ndisanalowe m'nyumba, ndipo ndinakhala momwemo kwa kanthawi nditazimitsa kale injini. Mwati mayi anu anabwera kuchokera ku Malawi kudzakuthandizani kulera khanda, akubwerera pakati pa Seputembala, ndalama zavuta, ndiye mukufunsa ngati kuno ku Indiana kuli choti munthu n'kuonetsa mlendo kumapeto kwa nyengo yotenthayi, kapena mungolimba mtima n'kukongola ndalama zopitira ku Niagara Falls. Mwatsiriza ndi mawu akuti "paja kuno n'chimanga chokhachokha."

Achemwali, mawu otsirizawo ndi amene andikhudza, chifukwa anali mawu anga kwa zaka zambiri.

Mayi anga anabwera mu Marichi 2018, sinowo isanathe kusungunuka. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'nyumba ziwiri zosamalira okalamba, kwina masana kwina usiku, ndipo dabulo, mashifiti awiri otsatizana, ikapezeka sindinkakana. Ndinkadziuza kuti ndikugwirira tikiti yawo, lendi, ndi fizi ya mng'ono wanga kumudzi. Zonsezo zinali zoona. Koma zoona zina n'zakuti kwa miyezi isanu, America yonse kwa mayi anga inali windo la pabalaza loyang'ana poimika magalimoto, tchalitchi Lamlungu, ndi sitolo ya zakudya. Munthu wobadwira ku Nkhotakota, amene anakula akutsuka mbale ndi kuchapa m'nyanja, amene m'mawa uliwonse wa moyo wake ankayamba waona madzi asanaone munthu, anangokhala pampando n'kumawerenga magalimoto a eni ake. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Makolo athu sadandaula. Ndikafunsa ankangoti, "Ndili bwino ine, mwana wanga, pita usachedwe."

Ndinkawalonjeza zazikulu. Tidzapita ku Niagara. Tidzapita ku Washington mukaone White House. Maulendo ofuna sabata yathunthu, hotelo, mafuta, ndi tchuthi chimene sindinkapempha n'komwe. Mwezi ukatha ndinkati wamawa.

Ndiye Lachitatu lina kumapeto kwa Ogasiti anandiimbira m'mawa kuti shifiti yanga aipereka kwa wina. Ndinakwiya kwambiri, ndikuwerengera ndalama zimene zapita. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene ndinamuimbira kuti ndidandaule, anangondidula n'kuti, "Nanga osawatenga amayi kunyanja bwanji? Ndi ola limodzi basi." Zaka zonse zimene ndinakhala ku South Bend ndinali ndisanapiteko. Ndinkadziwa kuti kuli nyanja monga mmene munthu amadziwira kuti kuli mwezi.

Ulendo wathu unayambira pa chimanga chomwe mukuchinyozacho. Titangotuluka m'tauni, minda inayamba, mbali zonse ziwiri za msewu, chimanga chachitali kuposa munthu, chofanana msinkhu ngati achidula ndi lumo, kwina soya wobiriwira mpaka pamene maso alekezera. Ine ndinkaona msewu. Mayi anaona munda. Anayamba kufunsa mafunso motsatizana, ndipo ndinazindikira kuti kwa miyezi isanu sindinawamvepo akuyankhula ndi mphamvu chotero. Olima ali kuti? Bwanji palibe ngakhale mmodzi wonyamula khasu? Kodi kuno kulibe akuba? Nkhokwe zawo ndi ziti? Ndinawalozera nkhokwe zazitsulo zozungulira zija, zazitali ngati nyumba zosanja, ndipo ndinafotokoza kuti chambiri mwa chimanga ichi n'chachikasu cholimba, amakolola ndi makina cha mu Okutobala, ndipo chimapita kukadyetsa nkhumba, ng'ombe ndi nkhuku, china amapangira ethanol wosakaniza ndi petulo. Anandiyang'ana. "Chimanga kuthira m'galimoto?" Kenako anakhala chete nthawi yaitali. Munthu amene anaona njala ya 2002 ndi maso ake, amene chimanga chachikasu amachidziwa ngati chimanga cha thandizo. Sindikudziwa zonse zimene ankaganiza, koma ndikudziwa kuti atabwerera kumudzi nkhani imeneyi anaikamba pa maliro, pa chigayo, paliponse.

Tinaima pa kathebulo kena m'mbali mwa msewu pamene amagulitsa dowe, chimene kuno amati sweet corn, ndipo Ogasiti ndiye mwezi wake. Panalibe wogulitsa. Panali chimanga, mtengo wake utalembedwa pa katoni, ndi kabokosi koponyamo ndalama. Mayi anakana kukhulupirira mpaka anazungulira kuseri kwa kathebuloko kufuna mwini wake. Madzulo titachiphika anati n'chotsekemera ngati nzimbe koma sichikhala m'mimba.

Tinakafika ku Indiana Dunes State Park, pafupi ndi Chesterton, dzuwa litapendeka. Ukamayenda kuchokera poimika galimoto sumaiona nyanjayo msanga, milu ya mchenga ndi nyumba ina yakale ya pagombe zimaitchinga, kenako imangotseguka. Mayi anaima. Anafunsa ngati ndi nyanja yamchere. Ndinati ayi. Sanandikhulupirire, anavula nsapato, anatsetsereka mpaka m'madzi, anatunga ndi dzanja n'kulawa. "Ndi madzi ngati athu," anatero. Tsidya silinkaoneka, kupatula tinyumba ta Chicago tooneka ngati timitengo ta machesi kumadzulo, ndi machumuni a mafakitale a zitsulo chakumbali. Anafunsa mabwato ali kuti, makoka ali kuti, nanga anthu onsewa angogona pamchenga osagwira ntchito ina iliyonse? Kenako anakwinya chitenje, analowa mpaka m'mawondo, anasamba kumaso, n'kuyamba kuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya ya amayi. Tinakhala mpaka dzuwa linalowa kumbuyo kwa Chicago.

Ananyamuka patatha masabata awiri. Anamwalira mu 2020, ndipo maliro awo ndinawaonera pa foni. Chithunzi chokhacho chimene ndili nacho cha mayi anga akuseka ku America ndi cha tsiku limenelo, chitenje chitanyowa. Tsiku limodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo tsikulo sindinalisankhe ine, linachita kundigwera.

Ndiye mundilole ndinene mosabisa, chifukwa takhala tikuzengereza kunena. Ife Amalawi a kuno, ndipo ku South Bend tilipo ambiri ndithu, tili ndi chizolowezi choipa chokhala ngati tili pa depoti tikudikira basi. Zaka khumi, khumi ndi zisanu, munthu akudziwa njira zitatu zokha: ya kuntchito, ya kutchalitchi, ndi ya kokatumiza ndalama. Malo amene akutidyetsa timawanyoza tisanawaone. Ndipo choipitsitsa n'chimene timachitira makolo athu. Timawaitana kudzalera ana, timawatsekera m'nyumba zopanda khonde, opanda galimoto, opanda mnansi wocheza naye m'chinenero chawo, kenako timati tawaonetsa America. Kumeneko n'kulakwa. Ndinalakwa ine, ndipo ndikuona anzanga akulakwa chimodzimodzi chaka ndi chaka. Umphawi suli chifukwa chake. Chifukwa chake n'chakuti timaona ngati ulendo weniweni ndi umene anthu akauzindikire pa Facebook. Mathithi a Niagara aliyense amawadziwa, ndiye timasungira Niagara, ndipo posungira Niagara mayi amakwera ndege asanaone nyanja imene ili ola limodzi kuchokera pakhomo. Musakongole ndalama. Ngongole imeneyo idzakubwezerani ku madabulo omwewo amene akukulekanitsani ndi mayi anu panopa.

Nyanja imeneyi si yoti n'kuipeputsa. Kukula kwake pamwamba ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri nyanja ya Malawi, ngakhale yathu ndi yakuya kwambiri, imapitirira mamita 700 pamene Lake Michigan sifika 300. Milu ya mchenga ija nayo ili ndi mbiri yake. Katswiri wa zomera wa ku University of Chicago, Henry Cowles, anaphunzirapo m'ma 1890 mmene zomera zimalowerana m'malo, kuyambira udzu wa pamchenga mpaka nkhalango, ndipo mungazione nokha poyenda mphindi zochepa kuchoka pamadzi kulowa m'mitengo. Pamene ndinapita ndi mayi, dera lalikulu lozungulira linkatchedwa National Lakeshore. Mu Febuluwale 2019 linakwezedwa kukhala Indiana Dunes National Park. Ndiye pali mapaki awiri oyandikana, ya boma la Indiana ndi ya dziko lonse, ndipo iliyonse ili ndi malipiro akeake olowera. Tikiti ya kwina sigwira kwina.

Koma muiope. Kwathu mwera ukayamba asodzi amadziwa kukokera mabwato kumtunda. Kuno mphepo yoopsa ndi yochokera kumpoto, imene imakankha mafunde kutalika konse kwa nyanja n'kudzawaunjika kugombe la Indiana. Pamenepo pamakhala madzi okoka munthu kubwerera naye mkati, ndipo chaka chilichonse anthu amamira, ena odziwa kusambira bwinobwino. Akaletsa kusambira, musalowe, ngakhale mayi atakuuzani kuti anabadwira m'madzi. Ndipo ku Mount Baldy, mulu wa mchenga umene umasuntha chaka ndi chaka, musalole ana kukwera pamene aletsa. Mu 2013 kamnyamata ka zaka 6 kanamira mumchengamo ndipo anakakumba patatha maola oposa atatu, mwamwayi kali moyo.

China chimene chinandisokoneza tsiku lija ndi nthawi. South Bend ili pa nthawi ya kum'mawa, koma dera la kunyanjako limatsata nthawi ya Chicago, ola limodzi m'mbuyo. Popita mumapindula ola, pobwerera mumalitaya. Ngati muli ndi shifiti ya usiku muwerengere.

Ku Shipshewana

Uku ndiye kumene ndimalakalaka ndikanawatengera mayi, ndipo mpaka lero ndikadutsako mtima umandipweteka. Ndi kum'mawa kwa South Bend, kupitirira Elkhart, osafika ola limodzi, m'dera la anthu a chipembedzo cha Amish. Amayenda pa ngolo zakuda zokokedwa ndi hatchi, alimi awo amalimabe ndi hatchi, zovala amayanika panja pa chingwe, ana amathamanga opanda nsapato, amayi ali ndi madimba kuseri kwa nyumba. Funso la mayi anga lakuti olima ali kuti, yankho lake linali kumeneko. Munthu wa kumudzi akafika uko amapuma, chifukwa kwa nthawi yoyamba amaona azungu akukhala moyo umene iye akuumvetsa. Msika waukulu wapanja umachitika Lachiwiri ndi Lachitatu, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo Lachitatu kumakhalanso malonda a ziweto. Lamlungu musapite, pafupifupi chilichonse chimakhala chotseka. Musawajambule kumaso, chikhulupiriro chawo sichilola, ndipo pamsewu muziyenda pang'onopang'ono mukaona ngolo.

Ndikudziwa kuti Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku a ntchito. N'chifukwa chake ndikuwatchula. Masukulu a kuno amatsegula kale mu Ogasiti, choncho pakati pa sabata kugombe kumakhala anthu ochepa, madzi amakhala atafunda kuposa miyezi ina yonse, ndipo tchuthi cha pakati pa sabata n'chosavuta kupempha kusiyana ndi cha Loweruka.

Zina mwachidule, poti ndatalikitsa kale. Indiana State Fair ku Indianapolis, maola awiri ndi theka kutsika ndi US 31, ndi chionetsero cha zaulimi chimene chinayamba mu 1852, ndipo mayi aliyense amene anawetapo nkhumba angasangalale kuona kukula kwa za kumeneko, koma chimatha cha pakati pa Ogasiti, ndiye onani ngati simunachedwe. Kumapeto kwa sabata ya Labor Day, lomwe ndi Lolemba loyamba la Seputembala, ku Plymouth kumakhala Blueberry Festival, theka la ola kuchokera ku South Bend, anthu amadzaza kwambiri moti ndi khanda muzipita m'mawa. Loweruka lotsatira ku Valparaiso kumakhala chikondwerero cha mbuliwuli chokumbukira Orville Redenbacher, amene anatchuka ndi bizinesi ya mbuliwuli. Ngati mayi ndi Akatolika, atengeni madzulo ena ku yunivesite ya Notre Dame, pafupi ndi South Bend, akayatse kandulo pa Grotto, phanga lopemphererapo, n'kulowa m'tchalitchi cha Basilica, simulipira kanthu, kungopewa Loweruka la mpira.

Koma ngati mungapeze tsiku limodzi lokha, likhale la kunyanja. Pemphani tchuthicho mawa, musadikire kuti shifiti ichite kukugwerani ngati ine. Nyamukani masana, imani pogula dowe, musawafulumizitse akamafunsa za minda. Tengani mpunga ndi nkhuku yokazinga, ambulera ya khanda, ndi juzi, chifukwa dzuwa likalowa mphepo ya kunyanja imazizira. Milu italiitali ija asakwere, ndi ya achinyamata. Muwatengerenso chitenje chachiwiri, chifukwa choyambacho chikanyowa.