Timizere ta Didot tikusowa pa kadi, vuto ndi pulinta kapena fonti?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amapanga makadi oitanira anthu ku ukwati. Anasankha fonti (mtundu wa zilembo) ya Didot chifukwa imaoneka yapamwamba, ndipo pa kompyuta zonse zinali bwino. Kadi itatuluka mu pulinta, mayina a akwati anatuluka mwaulemu wake, koma timawu ta m'munsi tonena tsiku, nthawi ndi malo tinangokhala ngati tadyedwa ndi njenjete. Akufunsa kuti wolakwa ndani, pulinta kapena fonti.

Mayi, pulinta yanu musaiimbe mlandu msanga. Fontiyo mwaipatsa ntchito yomwe si yake.

Tsegulani H wamkulu wa Didot, mumukulitse mpaka adzaze sikirini. Mizati iwiri yoimirira ndi yonenepa, yakuda bii, pomwe kamzere kopingasa pakati n'koonda kwambiri. Timapazi takunsonga kwa mizatiyo, tija amati ma serif, n'tolunjika ndiponso toonda chimodzimodzi, ndipo timangogundana ndi mzati popanda kupindika kolimbitsa polumikizira monga muonera pa Garamond kapena Times New Roman. Kenako onani O. Kunenepa kwake kuli kumanzere ndi kumanja, koma pamwamba ndi pansi mzerewo umatsala pang'ono kuduka. Kusiyana kwakukulu kumeneku pakati pa chonenepa ndi choonda ndiko kumapatsa Didot ulemerero wake, ndipo ndiko komwenso kwakugwetsani ulesi pa kadi yanu.

Zilembo za mtunduwu zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Firmin Didot ku Paris anatulutsa zake mu 1784, ndipo Giambattista Bodoni ankasema zofanana nazo ku Parma, ku Italy. Onse awiri anaona zomwe John Baskerville wa ku Birmingham anachita m'ma 1750, pomwe anayamba kusindikiza ndi inki yakuda kwambiri pa pepala losalala, lotha kusunga kamzere koonda osakamwaza. Maonekedwewo akugwirizana ndi cholembera cha nsonga yosongoka, chomwe ukachikanikiza potsika chimatambasuka n'kusiya mzere wonenepa, ukachipeputsa chimasiya kamzere chabe.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Anthu aja ankasema zilembo pachitsulo ndi manja, saizi iliyonse payokha. Chilembo cha mapointi 8 (mapointi ndi muyeso wa kukula kwa zilembo) sichinali cha mapointi 60 chochepetsedwa. Chaching'onocho ankachinenepetsa timizere, kuchitambasula pang'ono ndi kutalikitsa mipata pakati pa zilembo kuti diso lisavutike. Mafonti ambiri a pa kompyuta ali ndi chojambula chimodzi chokha, ndipo Didot zambiri zinajambulidwa poganizira mitu ikuluikulu. Mukachitsitsa chojambulacho kufika pa mapointi 8, kamzere koonda kaja kamachepa mpaka inki kulephera kukagwira. Otsala amakhala mizati yakuda yokhayokha, ndipo woitanidwa amachita kutsinzinira kuti adziwe ngati mwalemba 3 kapena 8.

Opanga mafonti amalidziwa vutoli. Jonathan Hoefler atajambula Didot ya magazini ya Harper's Bazaar mu 1991, anaipanga m'masaizi asanu ndi awiri, kuyambira 6 mpaka 96, kuti timizere tizikhala tooneka paliponse. Ngati simukufuna kugula, Bodoni Moda ya pa Google Fonts ndi yaulere ndipo nayo imasintha kaonedwe kuchokera pa 6 kufika pa 96. Playfair Display, ya Claus Eggers Sørensen ya mu 2011, ndi yaulerenso, koma inapangidwira mitu osati timawu tating'ono.

Ine ndikanakhala inu, Didot ndikanaisiyira mayina a akwati okha, pa mapointi 24 kupita m'mwamba, ndi malo okwanira mozungulira kuti ipume. Tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya foni ndikanazilemba ndi fonti ya mizere yofanana kunenepa, monga Futura kapena Montserrat. Ziwirizi zimayenderana bwino ndi Didot chifukwa nazo n'zoimirira mowongoka. Ena amati kusakaniza mafonti kumaononga kadi, koma ine ndimaona kuti Didot ikadzaza tsamba lonse ndi pamene imataya ulemu wake.

Chenjerani ndi zilembo zoyera pa kadi yakuda kapena yamtundu wolimba. Inki imafalikira pang'ono m'mbali, ndiye timizere toyera timatsekeka msanga kuposa takuda pa pepala loyera. Pepala lokhakhala nalo limadula timizereti, ndipo golide wochita kudinda ndi moto amakana kumamatira pamalo poonda kwambiri. Batani la B lonenepetsa zilembo lija musalidine ngati fontiyo ilibe bold yakeyake, chifukwa pulogalamu imangonenepetsa paliponse mofanana, kusiyana kuja n'kutha. Mukalemba mayina m'zilembo zazikulu zokhazokha, talikitsani mipata pang'ono.

Musanasindikize makadi onse, tulutsani imodzi pa pepala lenilenilo, pa saizi yeniyeniyo, muiwerenge mutaitalikitsa ndi dzanja m'chipinda chosawala kwambiri. Sikirini imakunamizani chifukwa mumatha kukulitsa chilichonse, pomwe woitanidwa alibe batani lokulitsira.