Mawu amene tinkalira nawo m'mafilimu akale aja anali a ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene anakula akuonera filimu ya The Sound of Music ndi amayi awo pa tepi ya vidiyo, mpaka tepiyo inachita kuperepeseka. Posachedwapa mnzawo wawauza kuti bambo wa ana 7 uja, Captain von Trapp, sanayimbe ndi pakamwa pake nyimbo ya "Edelweiss". Ndiye akufunsa kuti, "Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, ndiye kuti ine ndi amayi tinkagwetsera misozi chinthu chabodza? Nanga inu nyimbo zanu zapamtima m'mafilimu akalewa ndi ziti?"

Achemwali, mnzanuyo sananame. Nkhope imene mumaiona ndi ya Christopher Plummer, koma mawu oyimbawo ndi a bambo wina dzina lake Bill Lee. Filimuyo inatuluka mu 1965, ndipo nthawi imeneyo ku Hollywood zimenezi zinali zachizolowezi. Nyimbo ankaijambula kaye mu situdiyo, kenako pojambula zithunzi ankaiika kuti izimveka, wosewerayo n'kumayendetsa milomo motsatira. Ngakhale amene ankayimba okha, monga Julie Andrews, ankachita chimodzimodzi ndi mawu awo omwe. Kusiyana kunali pa mwini mawu basi.

Koma misozi yanu ija musaichitire manyazi. Takumbukirani mmene chithunzicho chilili. Ndi usiku ku Salzburg mu 1938, dziko la Austria lalandidwa ndi chipani cha Nazi, asilikali aima m'mbali kudikira kuti akangomaliza kuyimba amutenge. Bamboyo ali ndi gitala, akuyimba za kaduwa koyera ka m'mapiri a kwawo. Atafika pakati mawu akumukanika, khosi latsekeka. Mkazi wake Maria (Julie Andrews uja) akusendera pafupi n'kuilandira nyimboyo, ana akulowa, kenako khamu lonse likuvomera. Kukanika kwa mawu kuja, maso aja, ndi ntchito ya Plummer. Kufewa kwa nyimboyo ndi kwa Lee. Anthu awiri anasenza mtolo umodzi, ndipo unafika. Chinanso, ambiri amaganiza kuti "Edelweiss" ndi nyimbo ya makolo a ku Austria. Ayi, anaipeka ndi Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein ku America, ndipo inali nyimbo yomaliza imene Hammerstein analemba asanamwalire mu 1960.

Chimene chimandiwawa ine ndi china: kubisa mayina a oyimbawo. Apa mundilole ndikhalitse pang'ono pa mayi mmodzi, Marni Nixon. Mukamva Deborah Kerr akuyimba mu The King and I ya 1956, ndi iyeyo. Mukamva Natalie Wood akuyimba "Tonight" mu West Side Story ya 1961, ndi iyeyo. Audrey Hepburn mu My Fair Lady ya 1964, pafupifupi nyimbo zonse, ndi iye yemweyo. Mafilimu atatu akuluakulu, zimbale zinagulidwa ngati zitumbuwa pa depoti, koma dzina lake silinalembedwe pa mndandanda wa ogwira ntchito. Ndipo si ntchito yongotsegula pakamwa. Iye ndi Deborah Kerr ankayeserera limodzi, mmodzi pambali pa mnzake, kuti pamene kulankhula kukuthera ndipo kuyimba kukuyambira pasamveke msoko. Ankasintha katchulidwe, kapumidwe, ngakhale kulemera kwa mawu, kuti afanane ndi munthu amene akumuvala. Luso lotere likaposa, m'pamene mwini wake amazimiririka kotheratu.

Ndiye tamverani izi, achemwali. Mu filimu yanu yomweyo Marni Nixon alimo, ndi nkhope yake yeniyeni. Pamene masisitere akudandaula za Maria kuti amutani mtsikana wosakhazikika ameneyu, mmodzi mwa iwo, Sister Sophia, ndi iyeyo. Mwakhala mukumuona zaka zonsezi. Anamwalira mu 2016.

Amwenye nkhaniyi anaiyendetsa mwachilungamo kuposa Hollywood. Ife amene tinakulira m'tinyumba ta vidiyo, titakhala pa mabenchi, tinkaona mtsikana akuvina m'munda wa maluwa, mawu ali psii m'mwamba. Ku India aliyense ankadziwa kuti woyimbayo ndi Lata Mangeshkar kapena mng'ono wake Asha Bhosle, ndipo wamwamunayo ndi Mohammed Rafi kapena Kishore Kumar. Mayina awo ankalembedwa pa filimu ndi pa chimbale, ankalandira mphoto zawozawo, ndipo anthu ankawakonda kuposa osewera ena. Palibe amene ankaona kuti wapusitsidwa, chifukwa palibe chimene chinabisidwa.

Tsopano za nyimbo zanga. Yoyamba ndi "Over the Rainbow" ya mu The Wizard of Oz ya 1939. Iyi ndi ya Judy Garland mwini wake, ali ndi zaka 16. Palibe ovina, palibe zovala zonyezimira. Kamtsikana kali pa famu ku Kansas, katatsamira mulu wa udzu, kagalu kali pompo, zithunzi zilibe ngakhale mitundu. Liwu loyambirira lenilenilo, "Somewhere", limalumpha kuchoka pansi kufika pamwamba kamodzin'kamodzi, ngati munthu wotambasula dzanja kufuna chinthu chimene chili patali, kenako nyimbo yonse imatsika pang'onopang'ono kubwerera pabwalo pomwe paja. Akuluakulu a kampani ya MGM anatsala pang'ono kuichotsa ati ikuchedwetsa nkhani. Inatsala, n'kupata mphoto ya Oscar. Anaipeka ndi Harold Arlen ndi Yip Harburg.

Ina ndi "America" ya mu West Side Story, pamene Rita Moreno ndi anzake ochokera ku Puerto Rico akukangana padenga la nyumba ku New York, akazi akutama dziko latsopano, amuna akuwakumbutsa tsankho. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni amaudziwa mkangano umenewu. Imeneyi Moreno anayimba yekha.

Koma filimu imene ndikufuna muifunefune chifukwa cha funso lanu ndi Singin' in the Rain ya 1952. Anthu amaikumbukira chifukwa cha Gene Kelly akuponda m'zithaphwi, ambulera ali m'manja, mvula ikukhuthuka, ndipo n'zoyeneradi. Komatu nkhani yake yonse ndi imene mwandifunsayi. Ikuchitika mu 1927, pamene mafilimu anayamba kulankhula, ndipo katswiri wina wokongola ali ndi mawu olasa m'makutu, ndiye akubisa mtsikana wina, Debbie Reynolds, kuti azimuyimbira. Kumapeto akukoka katani pamaso pa anthu onse, mtsikanayo n'kuonekera ataima kuseri, akuyimba. Ine pamenepo ndimaimirira nthawi zonse. Ndipo ngakhale m'filimu imeneyi muli wobisika wake: nyimbo ya "Would You" anamuyimbira Reynolds ndi mayi wina, Betty Noyes, amenenso dzina lake silinalembedwe.

Ngati amayi adakali ndi mphamvu zoonera, khalani nawo Lamlungu masana muyambire The Sound of Music pachiyambi. Masisitere akayamba kuyimba, muimitse kaye muwalozere Sister Sophia.