Kodi nkhunda zikachuluka mu paki, kuzipha n'kothandiza?

Bambo wina amene ali m'komiti yoyang'anira paki ya mumzinda wandilembera kalata yodandaula kuti nkhunda zachuluka, mabenchi adzaza zitosi, ndipo anzake akufuna kuti zigwidwe n'kuphedwa. Akufunsa ngati zimenezi zingathetse vutoli, komanso chochita ndi anthu amene amabwera kudzazidyetsa tsiku lililonse.

Bambo, kupha sikungakuthandizeni, chifukwa kuchuluka kwa nkhunda pamalo kumatsatira kuchuluka kwa chakudya. Nkhunda imaikira mazira awiri, yaikazi ndi yaimuna zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 18, ndipo chakudya chikamapezeka zimatha kuswa kangapo pachaka. Mukapha zina, zotsalazo zimadya mokhuta, maunda ambiri amakula, ndipo zina zimabwera kuchokera kumadera oyandikira, moti pakangopita miyezi yochepa gulu limabwerera mwakale.

Mzinda wa Basel ku Switzerland unapha nkhunda zambirimbiri kwa zaka zoposa makumi awiri popanda kusintha kokhalitsa. Mu 1988 unasintha njira: unayamba kuphunzitsa anthu kuti kudyetsa nkhunda kumazivulaza, chifukwa zikathithikana matenda amafala pakati pawo, ndipo unamanga makola oyang'aniridwa mmene ankachotsamo mazira. Patangopita zaka zochepa, chiwerengero chinatsika pafupifupi ndi theka. Ku Augsburg, m'dziko la Germany, amachotsa mazira enieni m'makola n'kuikamo abodza, kuti nkhunda ipitirize kufungatira m'malo moikira ena. London inaletsa kudyetsa nkhunda pabwalo la Trafalgar Square mu 2003 n'kumagwiritsanso ntchito mbalame zolusa zophunzitsidwa pozibalalitsa, ndipo Venice, ku Italy, inaletsa kugulitsa chakudya cha nkhunda pabwalo la San Marco mu 2008.

Mbali yovuta kwambiri ndi ya anthu odyetsawo, ndipo apa ndikupemphani kuti mufatse. Ambiri mwa iwo ndi okalamba kapena anthu osungulumwa amene amapeza chimwemwe chenicheni poona mbalame zikuwazungulira. Mukangowaimikira chikwangwani cha chindapusa, adzayamba kubwera m'mamawa kapena madzulo kukada, ndipo zotsala za usiku zidzadyedwa ndi makoswe. Khalani nawo pansi, muwafotokozere kuti buledi alibe zonse zimene thupi la mbalame limafuna, komanso kuti wotayidwa m'dziwe la abakha amawola n'kuipitsa madzi. Ngati komiti yanu ingathe kumanga khola limodzi pakona ina ya paki, apempheni anthu omwewa kuti aziliyang'anira: azipereka chakudya choyezedwa pa nthawi yake, azisesa zitosi ndi kusintha mazira. Munthu wokonda nkhunda amagwira ntchito imeneyi mokhulupirika kuposa wolembedwa ganyu.

Musaiwalenso chakudya chimene palibe amene amachipereka mwadala. Mabini opanda zivundikiro ndi nyenyeswa za pamalo ogulitsira zakudya zimatha kusunga gulu lalikulu la nkhunda ngakhale onse ataleka kuzidyetsa. Chakudyacho muchichepetse pang'onopang'ono kuti mbalame zisafe ndi njala, ndipo osesa zitosi zouma azizinyowetsa kaye ndi kuvala zotchinga pakamwa ndi mphuno, popeza fumbi lake limatha kudwalitsa makamaka amene chitetezo cha m'thupi chili chofooka. Musanayambe chilichonse, werengani nkhundazo pa nthawi imodzimodzi kwa masiku angapo, kuti chaka chamawa mudzakhale ndi poyerekezera.