Agogo akamasochera panjira yomwe amaidziwa bwino

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake agogo anu ayamba kusochera pochokera kuchigayo, njira yomwe akhala akuyenda zaka zambiri, komanso amadzuka pakati pa usiku n'kuyamba kusesa pabwalo ngati kwacha. Ndaona ena akuyankhani kuti ndi ufiti. Chonde musawamvere.

Mkati mwa ubongo, cha kumene kuli makutu, muli kachigawo kotchedwa hippocampus. Mu 1971 John O'Keefe wa ku University College London anapeza kuti m'kachigawo kameneka, mwa khoswe, muli maselo amene amagwira ntchito pokhapokha khosweyo akafika pamalo enaake. Akasunthira pakona ina, maselo ena ndi amene amayamba kugwira ntchito. Mu 2005 May-Britt ndi Edvard Moser a ku Trondheim ku Norway anapeza maselo ena pafupi pomwepo, m'kachigawo kena ka ubongo kotchedwa entorhinal cortex, othandiza kuyeza mtunda umene wayenda. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Anthufe tilinso nawo maselo otere, n'chifukwa chake magetsi akazima mumafika kuchipinda osagunda tebulo.

Tsono matenda a Alzheimer's, omwe amachititsa munthu kuiwalaiwala makamaka akakalamba, kawirikawiri amayamba n'kuwononga malo omwewa. Miyendo ili bwinobwino, maso akuona mtengo wa mango uja ndi mjigo uja, koma mapu a m'mutu akufufutika. Hippocampus imasunganso ndondomeko ya zinthu, chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Ikawonongeka, agogo angathe kufunsa za munthu amene anamwalira kalekale ngati anacheza naye dzulo. Zodzuka usikuzo, mu ubongo muli kagulu kena ka maselo komwe kamauza thupi kuti kwacha kapena kwada potengera kuwala kolowa m'maso, ndipo nakonso kamasokonekera.

Sindikunena kuti agogo anu ali ndi matendawa, ayi. Apititseni kuchipatala, poti shuga, matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa vitamini B12 ngakhalenso mankhwala ena amene akumwa zimasokonezanso mutu wa munthu wachikulire, ndipo zimenezi zili ndi thandizo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu a pamudzi. Okalamba ambiri amenyedwa, ena kuphedwa kumene, atangopezeka pakhomo pa eni ake usiku. Kawafotokozereni amfumu ndi oyandikana nawo zisanafike pamenepo. Muwasokere kansalu kolembapo nambala yanu ya foni pa zovala zawo, m'mawa aziothera dzuwa, ndipo kuchigayoko azipita ndi mdzukulu.